Dzina Limene Linabedwa pa Telefoni

Inu amene mukuwerenga mtima uli pansi, ndikuuzani za mayi wina wa ku Fonte Boa, dzina lake Natércia. Ndiyambira pa tsiku limene iye mwini sakonda kulikumbukira.

Linali Loweruka, patapita masabata awiri chigwereni mvula yobzalira. Natércia anali atayala mbewu zake pa chiguduli mumsika wa ku Ulongwe pamene anatulukira mai Francisca, mlimi wamasiye wa ku Lifidzi, atanyamula mpango womanga mfundo. Moni sanapereke. Anamasula mfundo ija n'kukhuthulira zimene zinalimo pamwamba pa nyemba za Natércia. Zinali njere za chimanga, zofiira, zamatope, zofukulidwa m'mizere.

"Tafinyani imodzi," anatero mai Francisca. "Musaope, ndi yanu."

Natércia anatola njere imodzi n'kuifinya. Inaphwanyika ngati chigoba cha dzira. M'kati munali ufa wa anankafumbwe wokhawokha. Chinali chimanga chakale chofumbwa, chopakidwa utoto kuti chioneke ngati mbewu ya m'sitolo.

"Mayi, mbewu iyi sinachoke kwa ine."

"Sinachoke kwa inu? Nanga uyu ndani?"

Mai Francisca anasolola telefoni pachifuwa n'kumupatsa. Uthenga unali wakuti: "Alimi anzanga, mbewu ya chimanga yafika. Chaka chino ndakufupikitsirani ulendo. Galimoto idzaima pamphambano ya ku Lifidzi Lachiwiri m'mawa. Ambuye akudalitseni. Natércia."

Mawu onse anali ake, ndi momwe ankalembera chaka ndi chaka. Ngakhale "Ambuye akudalitseni" wake uja analimo. Koma za galimoto iye sanazilembe, ndipo numero imene inatumiza sinali yake.

"Taonani numeroyi, mayi. Si yanga."

"Numero ndimaidziwa ine? Ndinalowa liti m'shikola? Mwana wanga wandiwerengera, ndamva dzina lanu, ndanyamuka. Anyamata a pa galimoto aja anati mwawatuma ndinu. Munda wonse ndabzala fumbi! Ana anga adzadya dzina lanulo?"

Anthu anaunjikana. Panapezeka ena asanu, kenako khumi, onse ndi uthenga womwewo. Wina anakuwa kuti, "Wakuba!" Wina anamenya thumba la nyemba ndi phazi, nyembazo n'kumwazikira m'matope. Amayi amene dzulo lake ankadya naye mbatata yootcha anatembenuka n'kumakonza tomato wawo.

Munthu mmodzi yekha ndiye anabwera kudzamuthandiza. Anali a Baltazar, mwini baraka ya pakona pa msika, kanyumba ka malata kumene anthu ochokera kumidzi yopanda magetsi ankasiya matelefoni awo kuti awathire moto. Anamugwira Natércia pamkono, n'kumukhazika pa mpando wawo wa pulasitiki.

"Khalani apa, mlongo wanga," anatero. "Anthu ndi oipa. Zipita izi."

Mpando umenewu muukumbukire.

Dzina limene linagwera m'matope tsikulo Natércia sanalitole panjira. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakulira kwa azakhali ake. Ezame ya dezima, mayeso a kalasi la khumi, anailemba kawiri, kawiri konse dzina lake linatuluka ndi inki yofiira pa pepala la zotsatira limene amamata pakhoma. Anagulitsapo tomato pamene pamaima mashapa, maminibasi opita ku Tete, akuthamangira mawindo dzuwa lili pamutu. Kenako anapeza ganyu m'dimba la ku misheni, ndipo kumeneko sisitere wina wokalamba anamuphunzitsa kuyesa mbewu. Umatenga njere makumi awiri, kuzikulunga m'chiguduli chonyowa, n'kuona zimene zamera. Atayamba kugulitsa mbewu payekha, Natércia sankagulitsa thumba limene sanaliyese.

Zaka zisanu ndi chimodzi anachita zimenezi. Mbewu ikafika, ankalemba uthenga n'kuutumiza ku matelefoni a alimi, ndipo alimi ankatsika m'mapiri atamva dzina lokha. Anali atasiya kumutchula Natércia. Ankamuitana ndi mfunda wake, mwaulemu: "Nambewe."

Kuyambira Loweruka limenelo anakhala "mayi wa mbewu yofiira."

Zimandiwawa mpaka lero. Wakuba nkhuku wakubera ndiwo ya tsiku limodzi. Wokugulitsa mbewu yakufa wakubera chaka chathunthu, ndipo umalima wekha, kubzala wekha, n'kumayang'ana mizere m'mawa uliwonse usanadziwe kuti unaberedwa kalekale. Ndipo munthu ameneyu sanathyole chitseko cha wina aliyense. Anangokhala pamthunzi, n'kulemba dzina la mwana wamasiye pansi pa bodza lake, n'kulitumiza mumphepo.

Natércia anakhala m'nyumba masiku asanu. Lamulungu anapita ku Misa n'kukhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Pemphero lake linali lalifupi: "Ambuye, Inu mukudziwa. Ndiphunzitseni chochita kuti nawonso adziwe."

Lolemba anamanga pa njinga mbewu yake yocha msanga imene inatsala, n'kuyamba kukwera mitunda. Analowa mudzi ndi mudzi kumene uthenga wabodza unafika, akusiya lata imodzi, chitini chodzaza mbewu, pakhomo lililonse loberedwa kuti abzalenso mvula isanapite patali. Azakhali ake anamudzudzula.

"Ukulipira mlandu wa mbala? Anthu aziti wavomera."

"Anabzala chifukwa cha dzina langa, azakhali. Dzinalo likawapeze lokha kumeneko."

Sikuti anamulandira bwino. Pakhomo lina anamutulutsira galu. Pena analandira mbewu n'kumutukwana ali chilandirire. Koma m'masiku amenewo munachitikanso tinthu ting'onoting'ono timene iye anatisunga mumtima. Njinga itaphwa pa mtunda wa ku Lifidzi, a Sozinho, nkhalamba yolima nyemba, anatuluka ndi pampu, n'kumata tayala, n'kubwerera kumunda osafunsa kanthu. Mtsikana wina woyamwitsa anamuthyolera mapichesi atatu. Katekisita wa mudzi wina anamuwerengera mayina a mabanja oberedwa kuti asaphonye khomo.

Ndipo mvula yamphamvu inamupeza pakhomo pa mai Francisca. Mayiwo analandira lata ya mbewu osayang'ana nkhope yake. Natércia atatembenuka kuti azipita, mvula ikumukwapula, chitenje chinamugwera paphewa.

"Fundani," anatero mai Francisca ali pakhonde. "Mungafere panjira, anthu n'kumati ndakulodzani ndine."

Itafika nyengo ya nyemba, Natércia anali ataganiza nzeru. Anauza anthu kutchalitchi ndi kumsika kuti uthenga wake weniweni uzithera ndi liwu limodzi, dzina la nyemba zimene ankazikonda: "Napilira." Uthenga wopanda liwu limeneli asaumvere. Anawauzanso a Baltazar pamene ankasiya telefoni yake kuti ithiridwe moto.

"Mutu umenewo, mlongo wanga!" anatero a Baltazar. "Amene anakulepheretsani dezima analakwitsa."

Sabata isanathe, uthenga wina unazungulira m'midzi. Galimoto, mphambano, Ambuye akudalitseni, Natércia. Ndipo kumapeto kwake: "Napilira." Mabanja asanu ndi atatu anagula nyemba zakale zimene sizinamere.

Kugwa kwachiwiriku kunaposa koyamba, chifukwa nthawi ino anali atalumbira yekha pamaso pa anthu. Amene anayamba kumukhulupiriranso anachita manyazi kuti apusitsidwa kawiri. Natércia anapinda chiguduli chake n'kuchiika pansi pa bedi.

Amene anamudzutsa anali Amélia, mnzake wa m'kalasi, yemwe anakhoza ezame ija ndipo tsopano ankagwira ntchito ya makompyuta mu ofesi ina ku Ulongwe. Anabwera Lamulungu masana, n'kumvetsera nkhani yonse akusenda nzimbe.

"Iwe Natércia," anatero, "wapiringidza chitseko, mpiringidzo n'kuusiya kunja. Liwu limene msika wonse ukulidziwa lingatseke chiyani?"

"Ndiye ndikanatani? Ine za makompyuta sindizidziwa."

"Si za makompyuta izi. Ngakhale kuntchito kwathu nzeru yake ndi yomweyi. Uthenga ukalowa mumphepo ulibe nkhope, aliyense akhoza kuuveka dzina. Ndiye mudzi uliwonse ukhale ndi mawu akeake, odziwa iwe ndi munthu mmodzi wa kumeneko. Mupangane pakamwa, maso ndi maso, osati pa telefoni. Ndipo mawuwo akagwira ntchito kamodzi, afa. Mupangane ena."



"Funso lina," anatero Amélia. "Manumero a alimi ako mbalayo inawapeza kuti? Telefoni yako imadya moto kuti?"

"Kwa a Baltazar. Koma usayerekeze, Amélia. Munthu amene uja ndi yekhayo anandipatsa mpando tsiku lija."

"Ine sindinatchule munthu. Ndangoti uzibwera nayo kwathu, magetsi alipo."

Natércia anapemphera kuti Mulungu amuletse kuganizira munthu zoipa popanda umboni. Koma telefoni anayamba kukaithira moto kwa Amélia.

Anakweranso njinga. Anasankha munthu mmodzi m'mudzi uliwonse, midzi khumi ndi inayi, woti azilandira uthenga n'kuuza anzake. Poyamba anawapatsa manumero achinsinsi monga anaonera kwa Amélia. Zinakanika tsiku lomwelo.

"Mwana wanga," anatero a Sozinho, "kodigo yanuyo yandithawa ndisanafike pa mlatho. Seti, kwaturu, chiyani kaya. Ndikailemba pa pepala, adzukulu akolezera moto."

"Nanga ndi chiyani chimene simungaiwale, bambo?"

"Ine? Zimene ndinachita ndi manja anga sindiiwala."

Natércia anawayang'ana, n'kuyang'ana tayala la njinga yake, pamene panali chigamba chija.

"Ndiye uthenga wanu udzathera chonchi: Zikomo chifukwa cha pampu."

A Sozinho anaseka mpaka kutsokomola. "Imeneyo ndiye ngakhale mutandidzutsa kutulo!"

Apa ndi pamene panagona nzeru yonse. Munthu amaiwala numero, koma saiwala chabwino chimene anachitira mnzake. Kwa mtsikana woyamwitsa uja mawu anali mapichesi atatu. Kwa katekisita anali mayina a mabanja. Tinthu timene Natércia anatola m'masiku ake a manyazi tinasanduka mipiringidzo khumi ndi inayi, uliwonse wa chitseko chake. Anawapempha chinthu chimodzi: akawerenga uthenga aziufufuta, ndipo akakumana kumsika kapena kutchalitchi azipangana mawu ena.

M'chilimwe analengeza mbewu ya mbatata ya kachewere yobzala kudimba. Anabwera anthu ochepa, akukayikira, koma mbatatayo inamera. Ndipo panayamba mwambo woseketsa. Popeza mawu akale anali atafa, pankafunika chabwino chatsopano. Anthu ankabwera pa chiguduli chake ndi kamtolo ka mpiru kapena dzira limodzi.

"Landirani, tipezepo mawu a ulendo wamawa."

Mudzi wa mai Francisca ndi wokhawo unalibe munthu. Mayiwo anakana chaka chonse. Koma mitambo itayamba kusonkhana, ataona mbatata ya anansi awo, anafika kumsika n'kuima patali pang'ono, manja ali kumbuyo.

"Akuti mumapatsa anthu mawu."

"Eya, mayi."

"Anga angachoke kuti? Ine chimene ndinakuchitirani ndi kukukhuthulirani matope."

"Anu alipo kale," anatero Natércia. "Zikomo chifukwa cha chitenje cha mvula."

Mai Francisca anayang'ana pansi. Kenako anati, "Chinali chong'ambika chija," n'kumapita.

Tsopano inafika nyengo imene zonse zinayenera kuoneka. Mvula yobzalira inali pafupi. Alimi akanapusitsidwanso kachitatu, Natércia sakanayalanso chiguduli mu Angónia monse, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Lolemba anatumiza mauthenga khumi ndi asanu, uliwonse ndi zikomo wakewake, kuti mbewu ya chimanga idzapezeka pamalo pake mumsika Loweruka la sabata yotsatira.

Onse anawerenga n'kufufuta, kupatula mai Francisca. Mwana wawo atawawerengera anabwerera kushikola, ndipo iwo ankaopa kudina batani lililonse, kuopa kuti keredito, ndalama za mu telefoni, ingathe. Lachitatu anatsikira ku Ulongwe kuchigayo, n'kusiya telefoni pa baraka kuti idye moto.

Lachinayi uthenga wina unagwa m'matelefoni a midzi yonse. "Alimi anzanga, ndasintha. Musavutike kubwera kumsika. Galimoto idzaima pamphambano Lolemba m'mawa. Ambuye akudalitseni. Natércia. Zikomo chifukwa cha chitenje cha mvula."

Mbala ija inaganiza kuti yapeza "Napilira" watsopano.

A Sozinho anaumva uthengawo ataima pa chulu pamene redi ya telefoni imagwira bwino, ndipo akuti anakuwa mudzi wonse n'kumva.

"Chitenje? Ine ndinabwereka munthu chitenje liti? Ndimavala chitenje ine?"

M'midzi yonse munali chimodzimodzi. Wa mapichesi anati si zake. Katekisita anati si zake. Palibe amene anakonza thumba lopita nalo kumphambano.

Lachisanu m'mawa mai Francisca anafika ku Fonte Boa wapansi, fumbi lili m'miyendo, atakwiya.

"Mawu anga abweranso kachiwiri. Munati akagwira ntchito afa. Wawadzutsa ndani?"

"Telefoni yanu inagwiridwa ndi ndani, mayi?"

"Telefoni yanga imakhala apa," anadzimenya pachifuwa. "Malemu amuna anga okha ndiwo ankafikapo. Yachoka kamodzi kokha sabata ino, Lachitatu, pa baraka ya..."

Sanamalize. Awiriwo anangoyang'anana. Natércia anakhala pansi pa khonde.

Loweruka msika utadzaza, Natércia, mai Francisca ndi a Sozinho anafika pa baraka ya a Baltazar. Pa thabwa lalitali panali matelefoni oposa makumi atatu akudya moto, iliyonse ili ndi kapepala ka numero komata, ndipo mwini wake atatenga kapepala kofanana nako.

"Mlongo wanga! Mwasowatu," anatero a Baltazar. "Mwapeza magetsi kwina eti?"

"Tabwera kudzaimba telefoni, a Baltazar."

A Sozinho anatulutsa yawo, n'kuimba numero imene inatumiza uthenga wabodza. Mbalayo inali isanaizimitse, popeza inkadikira alimi ofunsa za galimoto. Pa thabwa palibe imene inawala. Koma pansi pa thabwalo, m'kabokosi ka zingwe zakutha, munamveka kulira.

Mai Francisca anapisa dzanja n'kuitulutsa. Inali telefoni yaing'ono yakuda, yopanda kapepala.

"Imeneyo ndi ya munthu," anatero a Baltazar msangamsanga. "Anaisiya m'mawa. Kapepala kagwa."

"Munthu wake ndani?"

"Ndingadziwe onse? Pano pamabwera anthu a ku Tete, a ku Malawi, a kulikonse."

"Palibe vuto," anatero Natércia. "Timudikira."

Mai Francisca anakoka mpando wa pulasitiki uja n'kukhalapo, telefoni yakudayo ili pamiyendo. A Sozinho anatsamira njinga yawo pakhomo. Natércia anaima.

Anadikira. Dzuwa linafika pamutu. Anthu ankabwera mmodzimmodzi ndi timapepala tawo kudzatenga matelefoni, ndipo aliyense mai Francisca ankamuonetsa yakudayo.

"Iyi ndi yanu, bambo?"

"Iyayi."

"Ndiye imani apo, muone nafe mwini wake."

Ndipo ankaimadi. Ambiri mwa iwo anali omwe aja anabzala fumbi chaka chatha. A Baltazar anayesa nthabwala, sizinaseketse. Anati akufuna kukadya, a Sozinho anawagawira nthochi. Anati akufuna kukataya madzi, amuna awiri anati nawonso akupita komweko, awaperekeza.

Dzuwa litapendeka, thabwa linatsala lopanda kanthu, zingwe zokha zikulendewera. Panatsala telefoni imodzi ndi munthu mmodzi.

A Baltazar anasendera kwa Natércia n'kutsitsa mawu.

"Mlongo wanga, tiyeni kuseri tikambirane. Ndife anthu amodzi."

Natércia si munthu wokweza mawu. Amene analipo amati tsiku limenelo anamumva mpaka kumene amagulitsa nsomba.

"Dzina langa munalivula poyera, a Baltazar. Kuseri kulibe chokamba. Anthu awa amakusiyirani matelefoni ngati akusiyira mbale wawo mwana. Inu mumatsegula, kukopera manumero, kuwerenga za m'nyumba zawo. Mumadziwa kuti mayi awa ndi amasiye, mumadziwa kuti sadziwa kuwerenga, n'chifukwa chake munawasankha. Ndipo mpando uwu munandipatsa kuti chiyani? Kuti muone bwino misozi yanga?"



Gulu linabangula. Wina anatola mwala, wina anati baraka itenthedwe. Natércia anaima pakhomo pake n'kutambasula manja.

"Ayi! Ine ndinaimapo pakati pa anthu okwiya, ndikudziwa momwe zimakhalira. Munthu asamukhudze. Tipite naye ku eskwadra, kwa apolisi, telefoniyi ikalankhule yokha."

Ndipo inalankhuladi. Apolisi atayitsegula anapezamo uthenga wa chitenje, wotumizidwa ku manumero mazana. Lolemba galimoto ija inafika pamphambano, eni ake asakudziwa kuti bwana wawo wagwidwa. Inapeza apolisi awiri, ndi a Sozinho atakhala pambali pa basiya lodzaza madzi. Nkhalambayo inatapa chimanga chofiira chodzaza manja n'kuchiponya m'madzimo. Njere zonse zinayandama, chifukwa m'kati zinali zopanda kanthu.

Loweruka lotsatira Natércia anayala chiguduli chake. Pambali anaika chiguduli china chonyowa, chokhala ndi njere makumi awiri, ndipo khumi ndi zisanu ndi zinayi zinali zitatulutsa mizu yoyera. Mzere wa anthu unafika mpaka pa msewu.

Lero Natércia ali ndi kasitolo ka njerwa pafupi ndi msika. Padenga pali chotengera mphamvu ya dzuwa, ndipo alimi amathira moto m'matelefoni awo atakhala pompo, telefoni ili m'maso mwawo. Wogulitsa mankhwala a ziweto ndi amayi a gulu losoka zovala anabwera kudzaphunzira njira yake. Amawauza zomwe Amélia anamuuza, n'kuwonjezera zake: dzina lolembedwa pansi pa uthenga si umboni, chifukwa dzina aliyense akhoza kulilemba. Mayi amene anagwa dezima kawiri ndiye akuphunzitsa anthu kuteteza uthenga woyenda mumphepo.

Koma tsiku limene iye amalitchula akamathokoza Mulungu si la sitolo. Ndi la m'mawa wina chimanga chitafika m'mawondo, pamene mai Francisca anabwera kudzapangana mawu atsopano. Natércia anayamba kuganiza chabwino china choti atchule, koma mayiwo anakweza dzanja.

"Iyayi. Nthawi zonse zikomo amachokera kwa inu. Ulendo uno mawu ndisankha ndine, ndipo ndidzawanena ndine, inu mudzangowalemba."

"Nenani, mayi."

Mai Francisca anawerama pang'ono, n'kuomba m'manja kawiri monga timachitira pothokoza munthu wamkulu.

"Zikomo, Nambewe. Chamera."

Inu amene mwanamiziridwa, inu amene dzina lanu likuyenda m'kamwa mwa anthu litavala zovala za wina, ndikudziwa kuti mkwiyo wanu ndi woona. Musaumeze, koma musaupatsenso mwala. Upatseni njinga, ukwere mitunda. Ndipo m'masiku amene aliyense akukutembenukirani msana, tsegulani maso muone amene akubwereka pampu, amene akuthyola mapichesi atatu, amene akuponya chitenje chong'ambika uku akukalipa. Mulungu amabisa thandizo lake m'tinthu totere, timene mbala singationenso n'komwe. Natércia anagwa kawiri pa pepala la ezame, n'kugwa kawiri pakati pa msika, ndipo lero akumuitananso ndi mfunda wake. Inunso dzina lanu lidzabwerera. Osataya mtima.